Bele la Mpasi

"Mwakumba ndinu, malume. Dothi lofiira likadali ku khasu lanulo."

Magadalena anaima m'mphepete mwa dzenje, kumunsi kwa munda wa kachewere umene malemu mayi ake anamusiyira ku Bembeke. Dzulo lomweli panali kamlomo ka phula kolowera mpasi, tinjuchi tosaluma tija timamanga pansi pa nthaka. Lero panali bala. Nkhungu inkatsika m'phiri mwakachetechete, ndipo m'udzu munali mutayamba kuda ndi linthumbu.

A Eustace, malume akewo, sanakane. Anasolola kabotolo m'jekete. M'katimo munkakwawa mayi wa tinjuchito, chimimba chili phethuphethu.

"Dona wa ku yunivesite uja ananena yekha, Magada. Akufuna za kwa mayi. Nayu mayiyo."

Mtima wa Magadalena unawira. Anamumva bwino donayo tsiku limene anabwera kudzaona mpasiwo, ngakhale donayo ankalankhula akuyang'ana malume okha, ngati kuti amene ankatchinga kamlomoko kwa mbuzi ndi mvula anali iwo. Anati m'thupi la kanjuchi kalikonse muli kachizindikiro kochokera kwa mayi yekha, monga momwe anthu amawerengera bele limodzi, ndipo mpasi wa m'phirimu ungakhale wa bele lakale lomwe linapatukana ndi anzake nkhalango zisanathe. Mlendo ndi mame: ananena Chichewa chake chodukaduka, nakwera galimoto.

"Anapempha mwendo, malume. Mwendo umodzi wa kanjuchi kakufa kale. Mwana aliyense amanyamula mayi wake m'thupi."

"Mwendo? Munthu achoke ku Lilongwe kudzafuna mwendo wa ntchentche?" A Eustace anaseka.

Anali iwo mwinimbumba, amene analera Magadalena mayi ake atapita. Munthu wotere sumuloza chala. Magadalena analanda botololo, n'kugwada. Miphika ya uchi inali itaphwanyika, ana a tinjuchito ali pamtunda, kuzizira kukuwaumitsa. Anamuika mayiyo pa phula lotsala. Palibe kanjuchi kamene kanabwera kudzamulandira.

Mzere wa linthumbu unafika pamlomo pa dzenje, n'kuyamba kutsika.

"Chisa china m'phiri lonseli ndachifuna, kulibe," anatero Magadalena osadzutsa mutu. "Inu mumadziwa za mbumba kuposa ine. Bele likathera m'manja mwa wolisunga, mlandu umapita kwa yani? Musayang'ane kumsewu, malume. Ndiyankheni."