Mafuta a Mandasi m'Kapaipi

Ntchito ndinamupezera ndine Ephraim ameneyu. Anabwera kuchokera ku Ntcheu mu 1991 ndi kachikwama kamodzi, n'kugona pabalaza panga ku Kawale miyezi itatu. Koma pofika 1996, ku labotale kwathu aliyense ankangoti "aEphraim, aEphraim," ngati enafe ndife mipando.

Zinayamba ndi makina oyezera zinthu ndi gasi, aja amati kromatogirafu. Tinkayeza makala a zitsononkho kuti tione ngati angasefe madzi a m'zitsime za ku Mgona. Ine ndinkasinja makalawo, kuwaumitsa mu uvuni, n'kuwatsira m'kapaipi kagalasi uku ndikugogoda ndi pensulo mpaka atakhazikika. Ephraim ankangobaya kadontho ka mankhwala ndi jakisoni, gasi n'kukankha nthunzi yake kudutsa m'makala muja. Nthunzi ikachedwa kutuluka, ndiye kuti pamwamba pa makalawo pamagwira zinthu mwamphamvu, ndipo cholembera cha makina chinkajambula kaphiri papepala. Alendo ankaombera m'manja wobaya jakisoniyo. Wogogoda kapaipi tsiku lonse sankamufunsa ndi dzina lomwe.

Kenako tinamva kuti mmodzi wa ife apita ku Joni kukaphunzira makinawa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinaona Ephraim akulowa muofesi ya bwana wathu, Mayi Kachingwe, n'kutseka chitseko. Anatuluka akumwetulira. Mtima unandiwawa, sindinama. Nsanje inandigwira moti masana amenewo tiyi sindinamwe.

Lachinayi m'mawa ndinagula mandasi awiri pa Mchesi. Makala oyezawa sitigwira ndi manja, ngakhale pang'ono, chifukwa makina aja amamva chilichonse chimene chamatirira pamwamba pake. Ine ndinadya mandasi anga, osasamba m'manja, n'kufikisa ufa wa makala uja ndi zala zonona. Ndinadzaza kapaipi mwaluso ngati masiku onse. Mumtima ndinkati, tione ngati jakisoni wakeyo amupulumutse.

Mayi Kachingwe anabwera okha kudzaonerera. Ephraim anabaya kadontho kake. Kaphiri kanatuluka kopindika, kokoka mchira wautali. Anabayanso, chimodzimodzi. Ine ndinayang'ana pansi kuti ndisaseke.

"Kapaipi aka kaipitsidwa," anatero bwana. "AMackson, wadzaza ndani?"

"Ndine, Amayi."

Anapukusa mutu, n'kutembenukira kwa mnzangayo. "Mwaonatu aEphraim? Ndakupatsani mpata umene munapempha. Konzani pasipoti yanu." Atatero anatuluka.

Ephraim anangokhala pampando. Sanali wokondwa ayi, ndipo zimenezo zinandisokoneza.

"Achimwene, mwapanga bwanji lero?" anandifunsa. "Zaka zonsezi simunaphonyepo."

"Zikukukhudza chiyani? Si ukupita iwe?"

"Ine ndinakakana. Mayi a kunyumba ndi oyembekezera, ndingawasiye bwanji? Ndinawauza bwana kuti makinawa amayendera manja anu, atumize inu. Anavuta, koma mapeto ake anati aone kapaipi kanu ka lero. Kakanatuluka bwino, bwenzi mukupita ndinu."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndimakudziwanitu, mukamva kuti ndi mayeso mumanjenjemera." Anachotsa kapaipi kaja m'makina, n'kukayang'anitsitsa pawindo. "Mwina ndi uvuni, achimwene. Ndikawachonderere kuti tibwereze mawa?"

Ndinabisa zala zanga zonona zija m'thumba.