Kwathu kwa pa Fomu

Pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene ndinaphunzitsa pa Mzimba, chimene chinanditopetsa kwambiri si choko ayi, si fumbi la mu Okutobala ayi. Ndi funso lakuti kwanu n'kuti. Ine ndine Modester, wobadwira ku Dedza cha ku Linthipe. Boma linanditumiza pa Mzimba mu 1972 ndili kamtsikana kongotuluka kumene ku koleji, Chitumbuka ndisakudziwa ngakhale yewo yemwe. Ndinakwatiwa pompo, ndinaberekera pompo, mwamuna ndinamuika pompo. Koma funsolo silinathe.

Malemu amuna anga, a Bennet Msiska, ankagwira ntchito yoyeza nyengo. M'mawa uliwonse 8 koloko ankapita kukakhuthulira madzi a mvula m'kagalasi ka mizeremizere n'kulemba m'buku. Kaya yagwa kaya sinagwe, ulendo unalipo basi, kukalemba ziro. Anali munthu wofatsa, koma anali ndi nthenda imodzi, dzina lake Usisya. Anabadwira kumeneko, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Nkhata Bay, ndipo anachokako ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene bambo awo, mmisiri wa matabwa, anasamukira pa Mzimba ndi banja lonse. Sanabwerereko ngakhale kamodzi, koma pakamwa pawo Usisya sankachokapo. Mvula ikagwa, ati imeneyi mungaitchule mvula, mukanaona ya kwathu mu Epulo. Ndikagula usipa pamsika, ayambe aununkhiza, ati uwu wayenda masabata atatu panjira. Mu Juni tonse mano akugundana ndi chisanu, ati kwathu bulangete amafunda ndi odwala okha. Ndikawafunsa kuti nanga osabwerera bwanji, ati chaka chamawa ndikakuonetsani. Chaka chamawa chimenecho ndinachimva mpaka makutu anazolowera. Kunena zoona inenso sindinkawakakamiza, chifukwa madzi ndimaopa. Ngakhale mtsinje wa Mzimba ukadzaza, pamlatho ndinkadutsa maso ali tcheru kutsogolo, osasuzumira.

Nthenda yawoyo inandithandiza pamodzi pokha. Mu Sitandade 6 munali mutu wa jogalafe wonena za malo a m'mbali mwa nyanja, ndipo buku linangolembapo timizere tinayi touma. Ine ndinkangotenga zonse za a Bennet n'kukazikhuthula m'kalasi. Ana ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Ena mpaka ankakauza makolo awo kuti Mayi Msiska ndi a kunyanja.

A Bennet anamwalira ndi chifuwa mu 1987, n'kundisiyira ana awiri, Phoebe ndi mlongo wake Yoram. Ndisanapume n'komwe, mu 1989 kunatuluka lamulo lakuti mphunzitsi aliyense abwerere kuchigawo cha kwawo. Masiku amenewo sunkafunsa kuti chifukwa chiyani. Ukayesa kufunsa, anzako ankayang'ana kukhomo n'kuyamba nkhani ya mtengo wa feteleza. Malole anayamba kufika pa boma kuchokera kumwera, odzaza aphunzitsi, matilesi, mabasiketi ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Ana awo ena anali obadwira ku Zomba, Chitumbuka osachidziwa ngati mmene ndinalili ine pofika. Malole omwewo pobwerera ankayenera kutinyamula ife.

Ndinapita kwa alamu anga a Jonasi, akulu awo a malemu, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Ndinawafotokozera kuti mwina akhala akunditumiza ku Dedza, ndiye ndimati ndiyambe kutsanzika, ana akonzeke. Anandimvetsera makina akulira. Kenaka anachotsa phazi pachopondera.

"Mulamu, inu mutha kupita, mbwenu, ndi lamulo. Koma ana ndi a kwa Msiska. Malowolo tinamaliza."

Sanakweze mawu, ndipo ndi chimene chinandiwawa kwambiri. Kwathu ku Linthipe mwana ndi wa mayi, nkhani yake ilibe n'komwe mtsutso. Amalume anga analandira chuma chija akumwetulira, akuti anthu a kumpotowa ndi aulemu, osadziwa kuti akuvomera chiyani. Tsono apa zinali poyera: ndikapita ku Dedza, ndipita ndekha, Phoebe ndi Yoram atsala. Ndikakana kupita, ntchito yatha, nyumba ya boma yatha, ndipo nthawi imeneyo wokana lamulo sankangochotsedwa ntchito kokha. Ndinabwerera kunyumba.

Patapita sabata, ahedi anatiitana ife ochokera kwina n'kutiuza kuti amayi okwatiwa kumpoto, makamaka amasiye okhala ndi ana, nkhani yawo ikhoza kuonedwa mwapadera. Tilembe kwawo kwa amuna athu, ndipo kubwera mkulu wochokera ku Mzuzu kudzatimva mmodzimmodzi. Anatipatsa fomu. Mizere yake inali yomwe ija timaidziwa tonse: mudzi, mfumu yaikulu, boma.

Ndinathamanga nayo kwa a Jonasi kuti andiuze dzina la mudzi umene banja lawo linalembetsa pa Mzimba. Abale inu, ndinachita ngati ndawatukwana. Ati Mzimba si kwawo, pa Mzimba anangobwera kudzagwira ntchito. Ndinawakumbutsa kuti akhalapo zaka makumi atatu ndi mphambu, manda a bambo awo ndi a mng'ono wawo ali pomwepa. Ati manda ndi manda, koma mchombo wawo unagwera ku Usisya, ndipo mapepala onse a Bennet, kuyambira la msonkho mpaka khadi la chipani, amanena Usisya. Ndikalemba zina, a boma akafananitsa n'kupeza kuti ndanama, ndiye nditani? Kunena zoona, inenso ndi mmene ndinkaganizira. Munthu amakalambira mu Ndirande koma pa fomu amalemba Ntcheu, ndipo palibe amadabwa. Ndinakhala pa benchi lawo lija n'kulemba ndi dzanja langa lomwe: Usisya, Nkhata Bay.

Mkulu uja atafika tinadikira masiku atatu pakhonde, mphepo ya pa Mzimba ikutilowa m'mafupa. Anali a Zondwayo, bambo wamtali wa maso ofiira, chimfine chitawagwira, mafayilo ataunjikana mbali zonse za tebulo. Ankaoneka kuti nawonso zawakwana. Otuluka ankanong'ona kuti bamboyo akufunsa mafunso, chifukwa anthu ambiri ayamba kudzipezera amuna a kumpoto usiku umodzi. Mayi wina amene analemba Chitipa analephera kunena kuti basi imakhotera pati ikafika pa Karonga, ndipo anatuluka akulira.

Nditalowa anayang'ana fomu yanga, anapukuta mphuno, osandiyang'ana n'komwe.

"Mwalemba Usisya. Tandiuzani, kuli kotani?"

Apa mtima unakhala pansi. Akanandifunsa za Linthipe mwina ndikanadodoma, koma Usisya? Ndinaimirira ngati ndili m'kalasi, manja kumbuyo. Ndinawauza kuti ndi kachigwa ka mchenga kopanikizika, mapiri kumbuyo ngati khoma, nyanja kutsogolo, ndipo pafupi ndi gombe pali kaphiri kamodzi koima pakokha, dzina lake Mphande. Msewu wotsika m'mapirimo ulipo wa dzina lokha, mvula ikayamba galimoto siyerekeza. Anthu amadalira sitima, ndipo sitimayo imaima patali, munthu umatsikira m'kaboti, katundu pamutu, kenaka n'kumalizira wekha m'madzi ofika m'mawondo. Ndinanena za kutentha kwake, za mvula imene imapitirira pamene pa Mzimba chimanga chayamba kale kuuma, za mwera umene umawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, asodzi n'kumangokhala pamtunda kusoka maukonde. Ndinanena za chinangwa chonyika m'madzi, ndi fungo lake limene mlendo amathawa koma mwini mudzi amalisowa.

Anasiya kulemba. Ndinaona kuti zikuyenda, ndiye ndinalowa mu mbiri. Ndinawauza zimene a Bennet ankamva kwa bambo awo, kuti kale kukamveka mphekesera ya nkhondo ya Angoni anthu ankathawira pamwamba pa miyala, ena m'mabwato, poti Angoni ndi madzi sankagwirizana. Apa a Zondwayo, amene anali Mngoni wa ku Edingeni, anaseka koyamba tsiku limenelo mpaka kutsokomola. Ndinapitiriza za amishoni amene anafika ndi sitima, za amuna amene ankapita ku Joni ndi ku Halale n'kubwera ndi masutikesi a malata, ena osabwerako. Ndinayankhula mphindi khumi ndi zisanu osapuma. Pena ndinkamva mawu a malemu akutuluka m'kamwa mwanga, ndipo misozi inalengeza. Imeneyo yokha sinali yobwereka.

"Mukukudziwa chomene kumeneku. Mwakhalako nthawi yaitali?"

"Ndi kwathu, bwana."

Analemba nthawi yaitali, akugwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndipite, kalata indipeza. Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba. Panjira ndinagula nyama theka la kilo, ana anadabwa kuti lero kwagwanji.

Kalata inandipezadi patatha masabata atatu. Ahedi anandipatsira mu ofesi, maso ali pansi. Mzere woyamba unkati pempho langa lavomerezedwa, ndikhala m'chigawo cha kumpoto. Mzere wachiwiri unkati kuyambira teremu yotsatira ndikaphunzitse kusukulu ina ya ku Usisya, ndipo nyumba ndituluke mwezi usanathe chifukwa mukulowa mphunzitsi wa kumpoto wobwezedwa kuchokera ku Thyolo ndi ana ake asanu ndi mmodzi. Pansi pake a Zondwayo anawonjezera ndi dzanja lawo kuti sukuluyo yavutika nthawi yaitali, aliyense wotumizidwako amadwala msanga n'kupempha kuchoka, koma tsopano Mulungu wawapezera mwini mudzi. Anandithokozanso.

Ndinaseka, osati chifukwa chosangalala ayi. Ndikadandaule kuti chiyani? Kuti bwana, ndinakunamizani, nyanjayo sindinaioneko n'kamodzi komwe? Ndiye kuti ndine wa ku Dedza, lole ili apo, ana atsala. Msampha ndinautchera ndekha, ndipo ndinautchera bwino, ndi luso la zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ndinapita nayo kalatayo kwa a Jonasi. Anaiwerenga kawiri, magalasi ali pamphuno, milomo ikuyenda. Ndinawafunsa mosazungulira za ana.

"Ana atengeni, mulamu. Akupita kwawo."

Ndinapuma, mwina koyamba chitulukireni lamulo lija. Kenaka ndinawafunsa kuti tikafika tikafikire kwa yani. Anatenga ulusi n'kuyamba kuulowetsa pa singano. Unawakanika katatu. Ati azakhali awo anamwalira kalekale, ana awo ali ku Kitwe. Panali msuweni wina, koma sakudziwa ngati ali moyo. Ndinafunsa za nyumba ya makolo imene a Bennet ankaitchula tsiku ndi tsiku, ya mtengo wa mango pakhomo ija. Ati anamva kuti nyanja itadzaza mu 1980 inalowa mbali imeneyo, ndiye sangalonjeze. Iwowo anapitako komaliza asanakwatire.

"Mukafika mukatilembere kalata, mutiuzeko mmene kulili."

Ndinawayang'ana munthu wamkuluyo. Ndinangopinda kalata yanga n'kutsanzika.

Kabati ndi mipando ndinasiya kwa mnzanga, poti ahedi anandichenjeza kuti m'kaboti simulowa kabati. Ndinapita kumanda kukazula udzu pa a Bennet, ndipo ndinawauza kuti chaka chamawa chanu chija chakwana, koma mwandithawa ndipite ndekha. Mabulangete ndinatenga onse. Zakuti amafunda odwala okha ndinali nditayamba kuzikayikira, pamodzi ndi zina zonse.

Tsiku la ulendo tinaima pa siteji m'mawa, kudikira basi ya ku Mzuzu. Kuchoka apo ina ya ku Nkhata Bay, kenaka sitima. Yoram anakhala pa chikwama akudya chinangwa chowotcha, osalabadira kanthu. Phoebe anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chaka chapitacho anali m'kalasi mwanga mu Sitandade 6, benchi lakutsogolo. Mutu wa kunyanja uja anakhoza zonse. Anandikoka chitenje.

"Amama, paja munati sitima imaima patali. Kaboti kaja kakamagwedezeka, munthu amagwira pati?"

"Sindikudziwa, mwanawe."

"Koma munatiphunzitsa."

"Ndinakuphunzitsani zimene ndinamva. Zinazo tikaonera limodzi."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Basi inatulukira ndi fumbi lake, anthu anayamba kukankhana. Katundu kondakitala anaponya pamwamba mmene anafunira, sindinayang'aneko n'komwe. Ndinagwira Yoram dzanja ili, Phoebe dzanja ili, ndipo tinakwera tonse atatu.