Pulogalamu Yachiwiri ya Rahma

Rahma anali wa ku Lungwena, mwana wa msodzi, ndipo za makompyuta anazidziwira kuukulu. Pulogalamu yake yoyamba anailemba akugwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Chembe. Kumeneko sabata sinkatha osapezeka alendo awiri opatsidwa chipinda chimodzi, ndipo wopepesa ankakhala iyeyo. Atatopa nako kupepesako, anagula laputopu yakale n'kuyamba kudziphunzitsa yekha pa intaneti. Chaka chisanathe anali ndi kapulogalamu koonetsa zipinda zopanda anthu, tsiku lofika mlendo aliyense, ndi maulendo a boti opita ku zilumba.

Sikanali kokongola, koma kankagwira ntchito. Mbiri yake inayenda pakamwa, moti patatha zaka zinayi maloji khumi ndi awiri, kuyambira ku Chembe mpaka ku Makokola, ankagwiritsa ntchito pulogalamuyo. Rahma anasiya ntchito, n'kutsegula kaofesi pa boma pa Mangochi, kuseri kwa shopu yogulitsa nsalu. Analemba ntchito Zubair, bambo wa ana awiri, yemwe anaphunzira za makompyuta ku koleji ku Blantyre.

Tsiku loyamba Zubair anatsegula khodi, zolemba zimene kompyuta imatsata poyendetsa pulogalamu, n'kuyamba kuiwerenga. Kenako anafunsa ngati analemba ndi munthu mmodzi kapena anthu asanu osalankhulana. Sanali kunyoza, ndipo Rahma anaseka nawo, koma mawuwo anamukhala pamtima. Zinali zoona. Khodiyo inali zigamba zokhazokha. Malo ena iye mwini sankakumbukira chimene anawalembera. Mwezi usanathe awiriwo anagwirizana zoti aitaye yonse, alembe ina yatsopano kuyambira pachiyambi. Zubair anati miyezi itatu ikwana.

Asanayambe, Rahma anapita kukaona a Ambrose. Amenewa anagwira ntchito ya makompyuta mumzinda zaka makumi atatu, ndipo atapuma anadzakhala pafupi ndi Makokola n'kumaweta nkhuku. Ndiwo ankamuthandiza pamene ankadziphunzitsa. Anawapeza akusakaniza chakudya cha nkhukuzo, ndipo anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Kodi a malojiwo akudandaula?" anafunsa.

"Ayi, bambo."

"Nanga akudandaula ndani?"

Rahma anayang'ana pansi. "Ineyo. Ndimachita nayo manyazi."

A Ambrose anapukuta manja n'kukhala pa ndowa yovundikira. Anamuuza kuti chigamba chilichonse chimene akuchita nacho manyazicho chinabwera tsiku lina pamene munthu anamuimbira foni ali pamavuto, ndipo iye anakonza. Akataya khodiyo ataya zonse zimene anaphunzira m'zaka zinayi, ndipo zambiri adzazikumbukira zitaonongekanso. Anati akonze pang'onopang'ono, mbali imodzi mwezi uno, ina mwezi wamawa, pulogalamu ikugwirabe ntchito.

"Miyezi itatu yakoyo idzakhala chaka ndi theka, mwana wanga. Ndipo nthawi yonseyo anthu ako adzakhala akudikira. Munthu wa bizinesi sadikira."

Rahma anathokoza, anamwa thobwa limene anamupatsa, n'kukwera minibasi. M'njira monse ankadziuza kuti a Ambrose ndi a nthawi yakale, zida za masiku ano n'zachangu.

Analembera maloji onse kuti kwa miyezi itatu sasintha chilichonse pa pulogalamu yakale, popeza kukubwera yatsopano. Masabata oyambawo anali okoma. Khodi yatsopano inali yaukhondo, chilichonse pamalo pake, ndipo Rahma ankamva ngati tsopano wakhaladi katswiri.

Mwezi wachiwiri kunaimba a Ndaona, manijala wa loji imene Rahma ankagwirako kale. Anali mnzake weniweni, woyamba kukhulupirira pulogalamuyo, ndiponso amene anaitchula kwa maloji ena. Ankangopempha kanthu kamodzi: kuti mlendo akasungitsa chipinda, azilandira uthenga pafoni womutsimikizira. Mu pulogalamu yakale inali ntchito ya masiku awiri. Rahma anati apirire pang'ono, mu yatsopano zimenezo zikhalamo.

Miyezi itatu inatha asanafike ndi theka lomwe. Inakwana isanu ndi umodzi. Chilichonse chimene ankati chatha chinkabala zina ziwiri. Apo n'kuti kampani ina ya ku Lilongwe ikuyenda m'mbali mwa nyanja ndi pulogalamu yake, yotumiza mauthenga pafoni. Maloji anayi anachoka mwezi umodzi. Sanakwiye. Mwini loji ina anachita kubwera yekha ku ofesi kudzatsanzika, n'kunena kuti akanakonda kukhala ndi mwana wa konkuno, koma alendo safunsa kuti pulogalamu analemba ndani.

Mwezi wakhumi Zubair anapeza ntchito ku Lilongwe. Anauza Rahma atachoka ku mzikiti ku Swala ya Lachisanu, ataima pakhomo pa ofesi, chisoti chili m'manja. Anati ana akukula, ndipo sakuona kumene zinthuzi zikuthera. Rahma sanamuletse. Atatsala yekha anapeza kuti theka la khodi yatsopanoyo linalembedwa m'njira imene Zubair yekha ankaimvetsa. Ankakhala tsiku lathunthu akuwerenga tsamba limodzi, mutu ukuwawa, magetsi akuzimazima. Kangapo konse minibasi inamudutsitsa pa njira yopita kwa a Ambrose, koma sanatsike.

Patatha chaka ndi miyezi inayi anati basi, yatha. Sinali itatha, koma iye anali atatha mphamvu. Anapempha a Ndaona kuti ayambire pa loji yawo, ndipo iwo anavomera, ngakhale kuti Isitala inali pafupi ndipo zipinda zonse zinali kusungitsidwa.

Ku Chembe netiweki imathawathawa. Zaka zitatu m'mbuyomo Rahma anali ataika kachigamba mu pulogalamu yakale kuti netiweki ikathawa, zolembedwa zizisungika kaye m'kompyuta, zizitumizidwa ikabwerera. Kachigambako kanali m'gulu la zimene iye ndi Zubair anaona ngati zinyalala. Pulogalamu yatsopano inkaonetsa kuti zalembedwa, koma netiweki ikakhala kuti yathawa, zinkangosowa. Kwa milungu itatu palibe anazindikira.

Lachisanu Loyera masana kunafika basi yaing'ono ya anthu a ukwati ochokera ku Zomba, amene anasungitsa zipinda zisanu ndi ziwiri. M'kompyuta munalibe dzina lawo. Zipindazo zinali zitapatsidwa kale kwa anthu ena, amene anali atamasula zikwama. Maloji ena onse anali odzaza. Akuluakulu a ukwatiwo anakhala pansi pa mtengo ndi katundu wawo mpaka dzuwa kupendeka, mayi a mkwatibwi akulira, wina akujambula zonsezo pafoni. Tsiku lomwelo pulogalamu inalola alendo asanu ndi atatu kusungitsa ulendo wa boti nthawi ya Swala, oyendetsa onse ali ku mzikiti. Yakale inkakana nthawi imeneyo. Nachonso chinali chigamba.

A Ndaona anaimba foni. Sanakalipe.

"Rahma, anthu ali panja pano. Ndiwauze chiyani?"

Rahma anatsegula laputopu n'kuyamba kufufuza dzina la anthu a ukwatiwo.

"Ndikufunsa iwe, mchemwali. Ndiwauze kuti chiyani?"

"Ndikonza," anatero Rahma.

"Lero?"

Rahma anapitiriza kufufuza m'khodimo, ndipo patapita kanthawi foni inaduka.

Zinamutengera masiku anayi kubwezeretsa pulogalamu yakale. Itabwerera inagwira ntchito bwinobwino monga kale, koma nkhani inali itafika kale paliponse, pamodzi ndi zithunzi za anthu aja pansi pa mtengo. Mwini loji anachotsa ntchito a Ndaona, ponena kuti anayesa chinthu chosayesedwa pa nthawi ya alendo chifukwa cha chinzake. Maloji ena anachoka imodziimodzi. Pofika mwezi wa Julayi anatsala awiri okha, ang'onoang'ono, amene analibe kothawira.

Rahma anatseka ofesi. Matebulo anagulitsa kwa mwini shopu ya nsalu, n'kubwerera ku Lungwena, kwa mkulu wake Asiatu, amene amayanika usipa. Anthu a m'mudzi ankamufunsa za ofesi ya pa boma, iye n'kumati akupuma pang'ono. Ankathandiza kutembenuza usipa pa thandala, n'kumapita kumsika Loweruka. Laputopu inali m'chikwama pansi pa bedi. Maloji awiri aja akaimba ankayankha, kukonza chimene chavuta, n'kuitsekanso msanga. Asiatu anayesa kumuuza kuti ayambenso, popeza nzeru akadali nazo. Rahma anati nzeruzo ndi zimene zamufikitsa pamenepa, ndipo Asiatu sanabwerezenso.

Mwezi wa Okutobala anapita ku Monkey Bay kukapereka matumba awiri a usipa kwa wogula. Dzuwa linali loswa mtengo. Akutuluka mumsika anaona a Ndaona atakhala pa mkeka m'mbali mwa msewu, akugulitsa zovala za kaunjika, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha dzuwalo. Anali ataonda. Ankapinda malaya a ana, kuwayala, n'kuwapindanso.

Rahma anaima kuseri kwa galimoto ina. Mawu opepesa anali atawakonza kalekale, ankawabwereza mumtima pafupifupi tsiku lililonse. Panali mapazi makumi awiri okha. Anaima pamenepo mpaka mwini galimotoyo anabwera n'kuiliza, ndipo iye anatembenuka, n'kudzera njira ya kuseri kwa msika kupita kokwerera minibasi.