Galimoto Yofiira Yawira Panjira ya Kumanda

"Zimitsa! Zimitsa isanapse!" anakuwa amakaniko, mutu uli pansi pa boneti.

Chitsirizira anazimitsa injini. Kamuvi ka pa geji yoonetsa kutentha kanali katafika kale pofiira, madzi akubwata mu rediyeta ngati mphika woiwalika pamoto. M'nyumba anthu ankaimba nyimbo za maliro. Mawa lake abambo ake ankakaikidwa m'manda, ndipo galimoto imene analonjeza kuti idzatsogolera mdipiti inkangowira pabwalo pomwepo.

Inali galimoto ya mipando iwiri, yofiira, yamimba yokhudza pansi, zija amagula anyamata osamva. Malemu anaigula imvi zili mbuu, anthu n'kumaseka kuti nkhalamba yadwala unyamata. Ali gone kuchipatala, munthu amene sankapempha ngakhale madzi akumwa anagwira dzanja la mwana wake wotsirizayo nati, "Ndikamapita, ikhale patsogolo. Uyendetse iwe." Chitsirizira, bambo wandevu zake amene ankangodziwa pothira petulo, anavomera msangamsanga.

"Madzi ndi odzaza, fani ikuzungulira, mapaipi sakudontha," anatero amakaniko akupukuta manja. "Chivindikiro cha rediyeta tasintha. Kavavu kotsegulira madzi ndakaviika m'madzi otentha, kakutseguka bwinobwino. Oyilo ndi woyera, kumbuyo sikukutuluka utsi."

"Nanga vuto n'chiyani?"

"Mwina pampu yatha mano, mwina gasiketi yayamba kupsa, mwina rediyeta yatsekeka m'kati. Kuti ndidziwe, ndiyenera kumasula injini yonse. Maliro angadikire zimenezo?"

Amalume ake, amene ankayendetsa mwambo wonse, anali ataima chapatali manja ali m'chiuno. "Mphwanga, anthu akufuna mipando uko, iwe uli pano kulera chitsulo. Ngati n'kofunika, tiimange chingwe tiikoke."

"Anati patsogolo, amalume. Yokokedwa imakhala kumbuyo."

"Ndiye ukaimitse maliro pamsewu? Manyazi amenewo adzakhala a ndani?"

Chitsirizira anatseka boneti. Mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa munthu yekhayo amene akanamufunsa za galimotoyi anali gone m'bokosi pabalaza. Abambo ake ankayenda nayo maulendo ataliatali, amayi ali pambali, n'kubwerako osadandaula. Ndiye kuti chinsinsi chake ankachidziwa, ndipo iye, mwana wa m'nyumba momwemo, sanafunsepo n'kamodzi komwe.

M'mawa anaidzaza madzi, naika zigubu zina pampando, natsogola pang'onopang'ono. Koma galimoto yothamanga siikonda kukwawa. Asanafike n'komwe pa chitunda cha kumanda kamuvi kanayamba kukwera. Anakayang'ana, anakapempha, anakatukwana chamumtima, koma kamuvi kalibe makutu. Pakati pa chitunda nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, ndipo anaima. Galimoto ya bokosi inaima kumbuyo kwake, mabasi nawo n'kuima, nyimbo n'kudukira pakati.

Anatuluka ndi chigubu, nafuna kutsegula chivindikiro cha rediyeta.

"Usakhudze, udzipsereza nkhope!"

Anali amayi ake. Anali atatsika m'galimoto ya bokosi, azakhali ake a Chitsirizira akuwathamangira kuti awabweze. Amalume nawo anafika thukuta lili kamukamu.

"Ndinanena ine! Achemwali, bwererani mukakhale pansi. Iyi tiikankhire kumbali, tidzaitenga pobwera."

"Mukakankha iyi, mukankhe ndi ine," anatero amayi, mosakweza mawu. Amalume anasendera kumbali.

Chitsirizira anatsamira chitseko, misozi ikutsika osaibisanso. "Ndalephera, amayi. Chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha. Abambo ankatani ikatere? Ankakonza pati?"

"Kukonza?" Amayi anachita ngati aseke. "Abambo ako sipanala ankaigwira ngati supuni. Amakaniko onse anawazungulira, palibe anapeza vuto. Galimoto iyi yawira pa ulendo uliwonse kuyambira tsiku limene inabwera."

"Ndiye munkafika bwanji?"

"Mochedwa. Ankangoti kuthamanga si kufika, tidikire izizire. Kunyumba unkawadziwa, mawu awo anali ogula. Koma m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, munthu uja ankacheza mpaka ine kumukumbutsa kuti injini yazizira kalekale."

Injini inkangolira kuti tha, tha, pozizira, ndipo anthu m'mabasi ankasuzumira m'mawindo. Kaya ikanafika pamwamba pa chitunda, kaya ikanawiranso, panalibe wodziwa.

Amayi anawerama, napinda mpando wa dalaivala, natulutsa kuseri kwake kampando kopinda kansalu yothetheka. Kanali kamodzi kokha.

"Ankandikhazika ine, iwo n'kuima padzuwa chakuno kuti andichitire mthunzi," anatero.

Anakatambasula m'mbali mwa msewu, nakapukuta fumbi ndi chikhatho, nagwira phewa la mwana wawo mpaka anakhala. Kenako anayang'ana kumene kunali dzuwa, nasendera pang'ono, naima pomwepo.