Nambala ya Kachipeso

Lumo anali atameta theka la mutu wa Wang'oma pamene wailesi inayambanso nkhani ija. Anazimitsa mashini n'kukweza wailesi, kusiya munthu wamkulu atakhala pagalasi, mbali ina tsitsi, mbali ina mbee.

"Tamva kuchokera kwa anthu odalirika," anatero muulutsi, "kuti timu ina yaikulu ya kunja yatsala pang'ono kutenga Nyundo."

"Anthu odalirika!" anakuwa Wang'oma, amene ankatsogolera ochemerera ndi ng'oma yake kwa zaka makumi awiri. "Dzulo anthu odalirika, dzana anthu odalirika. Kodi anthu amenewa alibe maina? Alibe ntchito kwawo?"

"Khalani bwino, madala, ndingakuduleni khutu," anatero Lumo.

Kwa zaka zambiri timu yawo inkakhala kumunsi kwa ligi ngati kuti inagulako malo. Chaka chino Nyundo, wosewera kutsogolo, anali atamwetsa zigoli khumi ndi chimodzi m'masewero asanu ndi atatu, ndipo timu inali pa nambala yachiwiri. Anthu anali atangoyamba kuyenda modzitukumula mumsewu, basi mphekesera zija n'kuyamba. Masabata atatu tsopano, tsiku lililonse dziko lina. Wina anati anamuona akujambulitsa zithunzi za pasipoti. Wina anati mkazi wake wagula sutikesi yamateyala. Wogulitsa nyuzipepala analumbira kuti Loweruka lapitalo Nyundo atagoletsa sanapsompsone chizindikiro cha pa jezi, anangochisisita.

Madandaulo onsewa ankathera m'kachipinda ka Lumo, momwe munali mpando umodzi wozungulira, benchi, ndi galasi long'aluka pakona. Chifukwa chake chinali chodziwika: Lachisanu lililonse Nyundo ankameta pampando umenewo, kuyambira kale akubwera ndi nsapato zampira zosokereramo m'pepala lapulasitiki. Ochemerera ankakhulupirira kuti zigoli zimayambira pamenepo. Sabata imodzi yokha imene sanabwere, anamenya chitsulo cha golo katatu.

"Mawa ndi Lachisanu," anatero Wang'oma, akuloza Lumo kudzera m'galasi. "Umufunse. Munthu lumo lili pakhosi sanama."

"Ndimufunsa. Akangoti akupita, asadzapondenso muno. Akamete komweko."

"Eee, alamu, mwayamba liti kuthamangitsa makasitomala?" Anali mkulu wake wa mkazi wa Lumo, telala wa chipinda choyandikana nacho, ataima pakhomo tepi ili m'khosi. "Ndipo inu a Wang'oma, atakuitanani kukaimba ng'oma kunja, ndege n'kukudikirani, mungatsale?"

"Ine ndingatsale!"

"Mungatsale chifukwa simungakwane pampando wa ndege."

Pabenchi panabuka phwete. Lumo yekha sanaseke. "Alamu, inu pitani mukasoke. Ife tinamuchemerera mvula ikutinyowetsa, akuphonya golo lopanda goloboyi. Lero wadziwa kugoletsa, ndiye ena adzangotola?"

"Munamuchemerera kapena munamutukwana? Ine ndinalipo, alamu, ndipo mawu anu ndimawadziwa."

Lumo anayatsa mashini kuti asamve zina.

Mawa lake masana, Nyundo anabwera pa nthawi yake, atavala kapu yotsitsira kumaso. Pabenchi panalibe munthu, chinthu chimene sichinachitikepo Lachisanu. Koma panja, pafupi ndi zenera, Wang'oma ndi anzake atatu anali atagadabuza njinga yabwinobwino, akuipopa ndi kuiphwetsa, makutu ali tcheru.

"Njinga imeneyo yadwala kwambiri," anatero Nyundo akukhala pampando.

"Yakhala ikudwala kuyambira m'mawa," anayankha Lumo, akumukulunga nsalu m'khosi.

Funso lija analikonza bwino, koma ataona mutu utawerama patsogolo pake monga mwa masiku onse, sanalifunse. Anatenga kachipeso kovekera kumashini, kamene kamayeza utali wa tsitsi lotsala, n'kuyamba kumeta kuchokera kunkhongo. Mashini ankalira. Foni ya Nyundo inkanjenjemera pansi pa nsalu osalekeza, mwiniwake osaiyang'ana.

Atafika pakati, Nyundo anakhosomola pang'ono.

"Achimwene, kodi kachipeso kamene mumandimetera aka ndi nambala chani?"

Lumo anazimitsa mashini.

Wometa aliyense amalidziwa funso limeneli. Kasitomala amene adzabwerenso sabata yamawa safunsa nambala. Amangokhala pansi n'kutsinzina. Wofunsa nambala ndi amene akukauza wometa wina. Wailesi inalankhula masabata atatu osanena kanthu, koma mawu ochepawa ananena zonse.  Zaka zisanu ndi chimodzi akusamala mutu umenewu, lero akutsanzikidwa ngati munthu wofunsidwa njira!

Tsono kachipesoko kanali ndi nkhani yake. Pamwamba pake panalembedwa kuti 2, koma sikanalinso nambala thuu. Nyundo anali ndi chipsera kunkhongo. Nambala wani inkachionetsa poyera, nambala thuu inkasiya tsitsi loti likanyowa ndi thukuta limaima ngati udzu. Choncho tsiku lina Lumo anakwecha mano ake pasimenti ya pakhonde, pang'onopang'ono, mpaka kanafika pakati penipeni. Kachipeso kotero kunalibe m'sitolo iliyonse.

Akanatha kungoti, "Nambala thuu." Si bodza, n'zimene zinalembedwapo. Wometa wa kunjayo akanameta nambala thuu yeniyeni, mutu ukanasokonekera, zigoli zikanauma, ndipo pakutha pa miyezi itatu munthu akanabwerera yekha, sutikesi yamateyala ikulira m'mbuyo. Lumo anaona zonsezi m'maganizo mwake, ndipo zinamukomera.

"Bwanji mukufunsa?" anatero, mawu ali ouma.

Nyundo anayang'ana kuzenera, kenako anatsitsa mawu. "Ndinyamuka Lolemba. Sindinauze munthu kupatula akunyumba. Andiletsa kulankhula mpaka zonse zitatha."

"Ndiye ife tizimvera pa wailesi? Ife amene..."

"Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, achimwene. Bondo ili limandiuza za mvula mitambo isanabwere. Akandidutsa akunjawa, kulibenso ena." Anatulutsa foni pansi pa nsalu n'kuitembenuza. "Taonani. Uyu akuti ndine wakuba. Uyu akuti ndithyoke mwendo. Mwezi watha yemweyu anatcha mwana wake dzina langa." Anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. "Kumeneko sindidziwa munthu. Chilankhulo sindichidziwa. Ndimati mwina mutu wokhawu ukhale wakwathu."

Lumo anayatsanso mashini, ndipo kachipeso kanafika pachipsera chija. Ankakumbukira tsiku lake. Kunali kumapeto kwa ligi zaka zinayi zapitazo, timu itatsala pang'ono kutuluka. Nyundo anagundana ndi goloboyi, anam'manga bandeji, n'kubwereranso m'bwalo magazi akudontha pakolala. Atamenya mpira ndi mutu n'kupita pamwamba pa golo, munthu wina kumbali ya ochemerera anaimirira n'kukuwa kuti, "Mutulutseni, ndi mbuzi imeneyo!" Lumo ankamudziwa bwino munthu ameneyo. Ankamuona m'galasi m'mawa uliwonse.

Anameta pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Anawongola mzere wa pachipumi ndi lumo, anapukuta khosi, anathira spiriti. Kenako anavula kachipeso kumashini, anakapemerera, n'kukatsuka ndi kaburashi dzino lililonse.

"Kalibe nambala," anatero. "Mukawauza kuti thuu, akakuonongani. Gwirani."

Nyundo anayang'ana kanthu kakuda kapulasitiki kali m'dzanja lake. "Achimwene, nanga inu?"

"Ine ndikametera ndani? Mutu wokhota chonchi ulipo umodzi." Lumo anamuvula nsalu n'kuikutumula mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira. "Mukamuuze ayambire kunkhongo, akwere motsutsana ndi tsitsi. Pachipsera asathamange. Akakakamira zake, musinthe wometa, musachite manyazi. Ndipo mawa ndikufuna zigoli ziwiri. Osati chimodzi, ziwiri. Mukalephera mubweze katundu wanga."

Nyundo anaseka, ulendo uno kuseka kwenikweni. Anaika kachipeso m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Potuluka anaima pa njinga ija, anakanikiza teyala ndi chala, n'kunena kuti, "Madala, yakhuta imeneyi, iphulika."

Asanakhote n'komwe pakona, anthu anayi anali atadzaza kachipinda.

"Wati chani?" anafunsa Wang'oma, pampu ikadali m'manja.

"Wati mawa mubwere ndi ng'oma ziwiri."

"Iwe, usatizunguze. Akupita kapena sakupita?"

"Madala, munthu anabwera kudzameta, ndamumeta. Mukafuna nkhani pitani kwa anthu odalirika."

"Lumo linali pakhosi, iwe osafunsa?"

"Ndinaiwala."

"Anaiwala!" Wang'oma anagwira m'mutu. "Ife tapopa njinga mpaka mapewa kuwawa, iye anaiwala!"

Telala anali pakhomo, akudula ulusi ndi mano. Anayang'ana mashini ali patebulo opanda chovekera, anayang'ana nkhope ya mlamu wake, n'kumwetulira.

"Alamu, maso afiira bwanji?"

"Ndi spiriti."

"Ayi ndithu, spiriti wa lero ndi waukali," anatero, n'kubwerera kukasoka.

Loweruka bwalo linadzaza mpaka pamipanda. Wang'oma anabweradi ndi ng'oma ziwiri, ndipo ochemerera anali atapeka nyimbo yatsopano ya mawu awiri okha: Nyundo usapite. Chigoli choyamba chinabwera chigawo choyamba chisanathe. Chachiwiri chinavuta. Anthu anadya zikhadabo, ena anayamba kale kutukwana oweruza, mpaka patatsala mphindi zitatu mpira unachokera kukona, mutu wometedwa bwino uja unakwera pamwamba pa mitu yonse, ukonde n'kugwedezeka.

Nyundo anathamangira kumbali ya ochemerera n'kudzakakamira waya, pafupi kwambiri moti thukuta lake linawagwera. Lumo anali pomwepo, akudumpha, akuimba nyimbo ija mokweza kuposa wina aliyense. Nyundo atatembenuka kuti abwerere pakati, dzuwa linawala kuseri kwa khutu lake lamanzere, ndipo Lumo anaona kamalo kakang'ono ngati chikhadabo, kamene mashini anakalumpha.

"Aa, pajapo ndidzakonza Lachisanu," anadziuza.

Apo anakumbukira za Lolemba, n'kusiya kuimba, dzanja lili pawaya. Kenako Wang'oma anamugunda ndi chigongono kuti wasiyiranji kuimba, ndipo Lumo anailandiranso nyimbo pomwe inali.