Zamera Zoyera

Anyezi akawola sabisa. Thumba la anyezi limene bambo wina anatumiza pa basi linafika ku labotale likudontha, ndipo mlonda wa pageti analinyamula ndi zala ziwiri, nkhope atalozetsa kumbali, n'kulitula pakhomo. Mwana wa eni thumbalo, amene kwawo ankangomutcha Dokotala ngakhale anali asanabayepo munthu jekeseni, analimasula yekha. Ntchito yake inali yofufuza matenda a mbewu. Zowola za anthu ena anali atazizolowera, koma izi zinali za munthu amene anamuphunzitsa sukulu ndi anyezi omwewa.

Mdalayo anali ndi minda iwiri. Wa kumtunda ndi umene ankadzalamo anyezi chaka ndi chaka, ndipo pakona pake panali nazale ya mbande. Wa kumunsi, pafupi ndi mtsinje, anausiya ugone kuyambira pamene mayi a Dokotala anamwalira, chifukwa ndi iwo ankaulima. Chaka chimenechi munda wa kumtunda unayamba zachilendo. Masamba ankachita chikasu n'kugona pansi, ndipo ukakoka, anyezi ankangozuka opanda mizu, kumatako kuli phalaphala. Mbewu ina mdalayo sankaidziwa ndipo sankafuna kuidziwa. Ankati kabichi ndi ntchito ya anthu opanda fungo.

“Mbande zanga zakula, mwanawe,” anatero pa foni tsiku lotumiza thumbalo. “Ndikufuna ndiziwokere kumunsi kwa amako kuja, poti kumtunda kwandikana.”

“Musawokere kaye, bambo. Musachotse ngakhale mbande imodzi mu nazalemo mpaka ndikuuzeni.”

“Chabwino, Dokotala. Odwalafe tidikira.”

Dokotala anadula tizidutswa pamalire a chowola ndi chabwino, n'kutitsuka m'mankhwala, n'kutiika m'timbale tagalasi tokhala ndi chakudya cha chuku. Timbaleto anatitseka ndi tepi n'kutiyala pa shelefu ya pafupi ndi zenera, pamene sipafika dzuwa. Kuyambira pamenepo ntchito inali yoyembekeza, ndipo kuyembekezako anali kukudziwa bwino, kungoti nthawi zina zonse ankayembekeza mtima uli m'malo.

Ankaganizira mitundu iwiri ya chuku. Woyamba umawoletsa anyezi kumatako, ndipo m'kambale umasanduka wofiirira pang'ono. Ukauika pa maikulosikopu umaona timbewu take tooneka ngati timabwato. Umenewo ndi woipa ndithu, koma umamva: munda ukaupumitsa zaka zingapo, ukadzala zina, umafooka. Wachiwiri ndi umene a ntchito imeneyi amautcha chiwola choyera. Umamera woyera mbee ngati thonje, kenako umabala tinjere takuda tonga ta mpiru. Tinjereto timagona m'dothi zaka makumi awiri kapena kuposerapo, tili chete, kudikira fungo la muzu wa anyezi. Timayenda ndi dothi lomata pa khasu, pa nsapato, pa mizu ya mbande. Bambo ake tsitsi linali litayera kale, mano a kutsogolo atatsala awiri.

Mnzake wa pa benchi yoyandikana, amene onse ankamutcha Wamagalasi, anamupeza m'mawa wina atasuzumira pa shelefu.

“Asisi, chuku sichikula ndi maso ayi. Mukachiyang'anitsitsa chimachita manyazi.”

“Taonani kuno. Kodi apa sipakufiira?”

Wamagalasi anakweza kambaleko, n'kukatembenuza, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso. Nthabwala zinamuthera. “Ine ndikuona zoyera zokhazokha,” anatero. “Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Zambiri zimayamba zoyera.”

Zinali zoona, koma Dokotala anali ataika kale kachidutswa pa maikulosikopu, ndipo timabwato sanatione. Panali ulusi wokhawokha wolukanalukana. Mantha anamugwira. Pa nthawi ya nkhomaliro anatuluka kukaima kuseri kwa ofesi, pafupi ndi thanki ya madzi, n'kuimbira bambo ake kuti awachenjeze.

Mdalayo anayankha ali pambali pa injini yopopera madzi. Khutu lake limodzi linali litagontha kalekale, ndipo foni ankaiika ku khutu lomwelo chifukwa dzanja la mbali inayo linkagwira paipi.

“Ee, Dokotala! Zatuluka?”

“Sizinathe, bambo. Koma m'timbale muja zamera zoyera.”

“Wati chiyani?”

“Ndati zamera zoyera!”

“Zayera?” Injini inkangogunda. “Zayera! Ambuye ngabwino, mwanawe. Ine ndimadziwa kuti dothi langa lilibe mlandu.”

“Ayi, bambo, tamverani. Zoyerazo ndiye…”

Foni inaduka. Anaimbanso, mawu a mayi wa pa netiweki akuti nambala sikupezeka. Anaimba madzulo, anaimba m'mawa mwake, chimodzimodzi. Foni ya mdalayo ikatha moto inkakhala pa golosale mpaka atakumbukira kuti ali ndi foni. Dokotala anadzilimbitsa mtima. Paja anawauza momveka kuti asachotse mbande mpaka awauze, ndipo iwo anavomera. Sizinamufikire m'mutu kuti kwa munthu amene moyo wake wonse mawu akuti kuyera amawamva pa mbale yotsukidwa ndi pa munthu wopezeka wosalakwa, kuwauzako kunali kutachitika kale. Akanakwera basi tsiku lomwelo, koma bwana woti amuloleze anali kulibe, ndipo iye ankafunabe kuti mwina timbale tifiire.

Sitinafiire. Atabwera ku ntchito sabata yotsatira anapeza thonje lija lili ndi timadontho takuda, ngati wina wawaza tsabola. Wamagalasi anangoyang'ana kamodzi n'kukhala pansi.

“Pitani, asisi. Bwana ndikamuuza ine.”

Anakulunga kambale kamodzi mu nyuzipepala n'kukaika m'chikwama. Mu basi ankakonza mawu. Munda wa kumtunda watha, bambo, muuiwale, mudzalemo chimanga kapena nyemba. Mbande zonse tiotche. Khasu titsuke, nsapato titsuke. Koma wa kumunsi ulipo, ndi woyera… Apa anadzigwira pakamwa, n'kusintha: ndi wabwinobwino, tigula mbewu yatsopano, tifesa nazale ina komweko. Unali uthenga wowawa koma unali ndi potulukira, ndipo anaubwereza mpaka unayamba kumveka ngati nkhani yabwino.

Kunyumba anapeza kotseka. Anazungulira ku munda wa kumtunda, n'kupeza nazale ili yokumbakumba, muli mapazi okhaokha. Anatsetsereka ndi kanjira ka kumtsinje, akumva injini ikugunda, ndipo atatulukira pa mpanda anaima.

Munda wa mayi ake unali utadzuka. Mabedi anali owongoka ngati ayezedwa ndi chingwe, mbande zili ndondondo, zitagwira kale, nsonga zikuloza kumwamba. Chikhalire sanauonepo ukukongola chotero. Bambo ake anali pakati, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akuthirira uku akuimba mluzu.

“Dokotala wafika!” anafuula mdalayo, n'kukazimitsa injini. “Taona ntchito ya bambo ako. Utangondiuza muja sindinagone tulo ta masana. Ndipo ndinazula ndi dothi lake lomwe, kuti zisamve kuti zasamuka.”

Dokotala anagwada pa bedi loyamba n'kuzula mbande imodzi. Dothi la kumtunda linali lofiira, la kuno lakuda, ndipo kamtanda kofiira kanali kakadamatirira kumizu. Anakafikisa pachikhatho pang'onopang'ono. Tinjere tija n'tating'ono, munthu wamba angati ndi mchenga, koma iye anali atakhala m'mawa wonse akutiyang'ana.

“Ukundizuliranji mbande, iwe?”

Anatulutsa kambale kaja, n'kukafunyulula, n'kuwapatsa. Anawafotokozera zonse, osathamanga, atayang'ana ku khutu labwino lija. Mdalayo anagwira kambaleko ndi manja awiri, matope akudetsa galasi.

“Koma paja unati zayera.”

“Ndinati zamera zoyera, bambo. Matendawo dzina lake ndi lomwelo. Ndi chiwola choyera.”

“Matenda angakhale oyera?” Anafunsa mopanda mkwiyo, akufunadi kudziwa. Kenako anayang'ana mabedi ake. “Nanga mankhwala ake? Iwe ndiwe dokotala.”

“Alipo ochepetsa, koma otulutsa m'dothi palibe. Chikalowa chalowa.”

“Mpaka liti?”

Anafuna kunama. Anafunitsitsa, ndipo bodzalo linafika pa lilime. “Zaka makumi awiri,” anatero. “Mwina kuposa.”

Mdalayo anaseka pang'ono, kuseka kotulukira m'mphuno. Anakhala pa ndowa yovundikira, kambale kali pamiyendo, n'kuyamba kupukuta galasi ndi malaya kuti aone bwino tinjereto. Madzi otsalira m'paipi ankayendabe m'ngalande, kudutsa bedi ndi bedi, kutsikira kumpanda wa kumunsi. Dokotala anawatsatira ndi maso, ndipo m'pamene anaona kuti kuseri kwa mpandawo nakonso kuli mizere yobiriwira. Dimba lotsatira chimodzimodzi, ndi linanso kutsogolo kwake, mpaka pamene mtsinje unakhota.

“Bambo, mbande za anzanuwa anazitenga kuti?”

Mdalayo sanadzutse mutu. “Zinatsala zambiri,” anatero. “Chinthu choyera sumana anzako.”

M'dimba loyandikana nalo mayi wina anaweramuka, keni ili m'manja, mwana kumsana. Atazindikira mlendoyo anatula keniyo pansi n'kuyamba kugwedeza dzanja mwansangala.

“Ndi a Dokotala amenewo? Zikomotu, a Dokotala! Atiuza kuti munaziyeza nokha!”