Kalata Imene Sindinatsegule

Kalata imene inasokoneza pakhomo panga inabwera mu Januwale. Pa envulopu panali dzina la mwana wanga Tavion, koma woitsegula ndinali ine.

Dzina langa ndine Vernice Tolbert. Ndimayendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Mississippi, ndipo ndagwira chiwongolero zaka makumi awiri ndi zitatu. Kunyumba kwanga kuli lamulo limene ndinatengera kwa malemu mayi anga. Kalata iliyonse imadikira Loweruka m'mawa, ndipo ndimaitsegula ndine n'kuiwerenga mokweza patebulo. Mayi anga ankatero chifukwa bambo sankadziwa kuwerenga, ndipo masiku amenewo munthu wakuda ankatha kulandidwa munda ndi pepala limene sanalimvetse. Ine ndinapitiriza, mwina chifukwa cha mwambo, mwina chifukwa ndimakonda kudziwa za eni. Mlongo wanga Percy amati ndi chachiwiricho.

Loweruka limenelo Percy analipo, popeza sanaphonyepo chakudya chaulere chibadwire. Tavion, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ankathira uchi pa buledi. Kalatayo inali yochokera ku kampani ya inshuwalansi ya chipatala imene imatilipirira tonse awiri kudzera kuntchito kwanga. Ndinayamba kuwerenga ndisanaone kumene mawu akupita.

"Tavion Tolbert anaonedwa ku chipatala ku Jackson. Kuyeza magazi, HIV. Mankhwala a masiku makumi atatu."

Ndinasiyira pomwepo, koma madzi akatayika saoleka.

"Aa, mphwanga," anatero Percy, foloko ili m'mwamba, "wayamba liti kudwala osatiuza?"

"N'zakuntchito, amalume. Aliyense amayezedwa," anayankha Tavion. Anadzuka n'kutuluka, buledi wake osamuluma n'komwe.

Zoti mwana wanga amakonda amuna anzake ndinkazidziwa kalekale, ndipo iye ankadziwa kuti ndikudziwa. Koma kwathu kuno nkhani imeneyi timailambalala. Panali mnyamata wina wamtali, Lamont, wogwira ntchito yokonza madenga, amene kwa zaka ziwiri ankadya nafe Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Tonse tinkangomutchula kuti mnzake wa Tavion. Choncho za kalata ija sindinafunse kanthu. Ndinaipinda n'kuiika m'chikwama, ndipo ndinkayenda nayo kulikonse ndili ndi mantha kuti mwana wanga akudwala. Febuluwale anadutsa, Malichi anadutsa, kalata ina yotere sinabwere. Ndinathokoza Mulungu poganiza kuti chimene chinalipo chatha chokha.

Amene anandichotsa khungu m'maso ndi Odessa Greenlee, woyandikana naye nyumba, amene wagwira unamwino moyo wake wonse. Loweruka lina mu Epulo tinali pakhonde pake tikutsuka masamba a ndiwo za kutchalitchi.

"Make Tavion, mwatha nkhope. Chikukudyani n'chiyani?" anandifunsa.

Ndinapukuta manja n'kumupatsa kalata ija. Anavala magalasi, anawerenga, kenako anandiyang'ana ngati mwana amene walemba dzina lake chozondoka.

"Mwasenza zimenezi miyezi itatu, ine ndili pompano? Safunsa anadya phula, achemwali. Awa si mankhwala a munthu wodwala. Amatchedwa PrEP. Amamwa munthu amene alibe kachilombo, piritsi limodzi patsiku, kuti kasamulowe. Mwana wanu ndi wanzeru."

"Ambuye alemekezeke!" ndinafuula, mpaka beseni linatsala pang'ono kugwa. "Ndipo kalata ina sinabwerenso. Basi zonse zili bwino."

Odessa sanaseke nane. "Sinabwerenso? Munthu womwa mankhwala amenewa amakatenga ena akatha, ndipo amayezedwa miyezi itatu iliyonse. Makalata akanabwera ndithu. Ngati asiya, ndiye kuti mwanayo anasiya."

Koma pakamwa panga sipagonja msanga. Ndinamuuza kuti Tavion si woyendayenda. Samwa, sasuta, amaimba limba kutchalitchi, ndipo ali ndi munthu mmodzi yekha.

"Sindikutsutsa," anatero Odessa. "Koma tamverani. Zaka zingapo zapitazo akatswiri a zaumoyo anawerengera kuti zinthu zikapanda kusintha, mwa amuna akuda awiri aliwonse okondana ndi amuna anzawo, mmodzi adzatenga kachilombo pa moyo wake. Kwa azungu ndi mmodzi mwa khumi ndi mmodzi. Ndipo ambiri amene akukatenga tsopano ndi achinyamata, a msinkhu wa Tavion."

"Ndiye mukuti ana athu ndi achimasomaso kuposa ana a azungu?" ndinafunsa mopsa mtima.

"Ayi, ndipo bodza limenelo ndi limene likutipha. Ofufuza anapeza kuti ana athu alibe zibwenzi zambiri kuposa anzawo achizungu, ndipo makondomu amagwiritsa ntchito chimodzimodzi. Nkhani ndi dziwe limene akusambamo. Ambiri amapezana akuda okhaokha, kagulu kakang'ono, ndipo m'kagulumo kachilombo kanachuluka kale. Chipatala chili kutali, ena alibe inshuwalansi, madokotala ena sawauza n'komwe za PrEP, ndipo ena ali ndi kachilombo koma sakudziwa. Mwana wabwino, wa chibwenzi chimodzi, atha kukatenga. Wanuyu anadzipezera yekha chitetezo. Ndiye dzifunseni kuti chinamusiyitsa n'chiyani."

Sindinafunikire kuganiza nthawi yaitali. Chinamusiyitsa ndinali ine ndi pakamwa pangapa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chikhalire.

Masana omwewo ndinapita kutchalitchi, kumene Tavion amayeserera nyimbo Loweruka lililonse ali yekha. Ndinakhala pa benchi yakutsogolo.

"Tasiya kaye limbalo, mwana wanga. Ndabwera kudzapepesa."

Anatembenuka modabwa, chifukwa mawu amenewo sanawamvepo kuchokera kwa ine.

"Mankhwala aja ndawadziwa ntchito yake. Unasiya?"

Anavomera ndi mutu. "Ndinataya botolo tsiku lomwe lija, Amayi. Ndinkaopa kuti kalata yachiwiri mudzaiwerenga abusa ali patebulo."

"Nanga Lamont, chibwenzi chako, anayezetsa?"

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewo atuluke m'kamwa mwanga. Denga la tchalitchi silinagwe. Tavion anayamba kulira, inenso ndinalira, ndipo tinagawana kansalu kamodzi kopukutira misozi.

"Anayezetsa zaka zinayi zapitazo," anatero atatonthola. "Amati munthu wokwera madenga tsiku lililonse sangakhale ndi kanthu."

"Umuuze kuti Lolemba ndikatula ana kusukulu, tikupita kuchipatala chija mumzinda wa Jackson. Tonse atatu."

Lolemba Lamont anatidikira pa geti la kwawo, manja ali m'thumba.

"Mayi Tolbert, ine ndili bwinobwino. Taonani minofuyi."

"Minofuyo ukaonetse namwino, ine ndaona yambiri. Lowa m'galimoto, ndili ndi ana oti ndikawatenge ikamakwana 2 koloko."

Analowa. Palibe mwana amene anakanapo kukwera galimoto imene ine ndikuyendetsa.

Kuchipatala ndinayamba ndine kupereka chala, kuti anyamatawo asaone ngati ndabwera kudzawalondera. Sipanathe theka la ola zotsatira zinatuluka. Ine ndinalibe. Tavion analibe, koma namwino ananena kuti kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga, choncho anamutenga magazi ena, anamuyambitsanso mankhwala, n'kumuuza kuti abwerenso pakatha mwezi. Lamont anatuluka m'chipinda chake nkhope itagwa. Anapita panja n'kukhala pansi pafupi ndi tayala la galimoto yanga.

"Ndili nako, Mayi Tolbert," anatero. "Ndakupherani mwana."

Ndisaname, kwa kamphindi ndinamukwiyira. Koma ndinaona mwana wa munthu ali pansi, wopanda mayi pafupi, ndipo mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ndinakhala naye pansi pomwepo, osasamala za diresi yanga yabwino.

"Sunaphe munthu, ndipo nawenso sukufa. Dzuka, tikamve zimene akunena."

Mlangizi anatifotokozera modekha. Lamont ayamba ma ARV tsiku lomwelo. Akamamwa mokhulupirika, kachilombo kadzachepa m'magazi mpaka kosaoneka poyeza, ndipo munthu wotero sapatsira wokondedwa wake. Atha kukhala ndi moyo mpaka kumera imvi. Anauzanso Tavion kuti ngati piritsi la tsiku ndi tsiku likumuvuta, pali jakisoni wa miyezi iwiri iliyonse. Kenako anatulutsa fomu yopempha kampani ya inshuwalansi kuti nkhani za Tavion izitumiza kwa Tavion yekha.

"Achinyamata ambiri amasiya kubwera kuno chifukwa choopa makalata opita kwa makolo," anatero mlangiziyo.

"Ndikudziwa, bambo," ndinayankha. "Kholo lake ndi lino."

Mwezi umenewo unatalika ngati chaka. Ndinkayendetsa basi ndikupemphera, mpaka ana ankandifunsa kuti ndikulankhula ndi ndani. Lamont ankabwerabe Lamulungu, ndipo ndinkamuikira m'mbale ntchafu ya nkhuku yaikulu kuposa ya Percy, zimene zinayambitsa madandaulo. Mwezi utakwana, Tavion anapita yekha ku Jackson kukayezedwanso.

Loweruka lotsatira, pa mulu wa makalata panali envulopu ya kampani ija. Fomu inali isanayambe kugwira ntchito. Dzina linali la Tavion. Zala zanga zinayabwa, sindikana. Percy anasiya kutafuna kuti aone chimene ndichite. Ndinaikankhira kwa mwini wake ili yomata.

"Iyi ndi yako. Ukawerengere kumene ukufuna."

Tavion anaiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine. Anatenga mpeni wa batala, anaing'amba, n'kuimirira monga mmene ndimachitira ine, mpaka kukhosomola kwanga anakutsanzira.

"Tavion Tolbert anaonedwa ku chipatala ku Jackson. Kuyeza magazi, HIV. Mankhwala oteteza, a PrEP." Anaika pepalalo pansi. "Izi ndi za ulendo woyamba uja, umene tinapita tonse atatu. Za ulendo wachiwiri anandiimbira dzulo. Ndilibe, Amayi. Ndilibe, ndipo sindisiyanso."

Ndinalulutira mpaka Odessa anathamanga kuchokera kwake atavala nsapato imodzi. Tinavina m'khitchini ngati atsikana. Percy anapukuta m'maso n'kunamizira tsabola.

"Ndiye kuyezetsako kumawawa, mphwanga?" anafunsa pambuyo pake.

"Pang'ono, amalume. Sikufika pa mmene zimakuwawirani kugula chakudya chanu."

Nkhaniyi sinathere pakhomo panga. Nditapempha chilolezo kwa anyamata awiriwo, ine ndi Odessa tinapita kwa abusa kukapempha kuti galimoto yoyeza magazi idzabwere pa tsiku la tchalitchi lokazinga milamba mu Ogasiti. Abusa anakanda m'mutu n'kunena kuti anthu adzalankhula.

"Akulankhula kale, abusa," ndinawauza. "Tiwapatse zoona zoti alankhule. Ana amenewa ndi amene amatiimbira kwaya. Kodi tidikire kuti tidzawaimbire ife pamaliro awo?"

Anavomera, ndipo tsikulo anali oyamba pa mzere, jekete lili paphewa. Kumbuyo kwawo kunali Percy. Anthu makumi anayi ndi mmodzi anayezetsa, ndipo anyamata asanu ndi mmodzi analembetsa kuti ayambe PrEP. Pofika Okutobala, dokotala anauza Lamont kuti kachilombo sikakuonekanso m'magazi ake. Tsiku limenelo anandikonzera denga la khonde osandifunsa n'komwe.

Tsono makolo anzanga, mawu anga ndi awa. Kachilombo sikasankha mwana woipa. Kakupeza anyamata athu akuda kuposa ena chifukwa chithandizo chimawafika mochedwa, ndipo nthawi zina chotchinga njira ndi ifeyo ndi manyazi athu. Ngati mwana wanu amakonda amuna anzake, mutchuleni wokondedwa wakeyo ndi dzina lake lenileni, ndipo alimbikitseni onse awiri kukayezetsa. Wopanda kachilombo afunse za PrEP. Amene ali nako ayambe mankhwala msanga ndipo asadumphitse. Ndipo mwana akayamba kudziteteza, musamuchititse manyazi.

Mayi anga ankatsegula makalata kuti banja lisalandidwe munda. Ine ndinatsala pang'ono kulandidwa mwana chifukwa chotsegula kalata ya mwini. Loweruka ndimawerengabe mokweza, pakuti chizolowezi sichifa msanga, koma ndimawerenga zanga zokha. Tavion amakhala pomwepo, wathanzi, akuthira uchi pa buledi, ndipo masiku ano amamudya mpaka kumaliza.